Shopu ya ku Down Shops imene inandiikira imelo ya bizinesi pa kompyuta

Ine ndi abambo akunyumba timagula nshawa ndi soya kwa alimi a ku Chadiza, Vubwi ndi mbali ya ku Chipangali, n'kumagulitsa kwa ogula a ku Lusaka. Iwo amayenda m'midzi ndi sikelo ndi matumba, ine ndimatsala pa ofesi ku Kapata ndi mabuku. Makotesheni, mainvoisi, makalata a msonkho, zonsezi zimadutsa m'manja mwanga, ndipo masiku ano pafupifupi zonse zimabwera pa imelo. Shopu imene ndikufuna kunena pano ili ku Down Shops kuno ku Chipata, kachipinda kakumbuyo kumene anyamata atatu amakonza makompyuta, mafoni ndi mapulinta. Papita chaka ndi miyezi chiwagwiritsireni ntchito, ndiye ndaona zokwanira kuti ndilankhule.

Ndinapita kumeneko misozi ili m'maso, ndipo ndiyenera kuyamba ndi chimene chinandiliza. Mu 2023 kampani ina yogula nshawa inatiuza kuti sidzatilemba m'buku la anthu oigulitsa katundu tikapitiriza kutumiza makotesheni ndi adiresi yaulere yokhala ndi dzina la mwana wathu woyamba ndi chaka chake chobadwa. Inafuna adiresi ya dzina la bizinesi monga linalembedwera ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi. Tinalipira kampani ina ya ku Lusaka ya hosting, yosungira anthu maimelo pa intaneti, anatilembetsera dzina lothera ndi .co.zm, natitumizira kalata yaitali yodzaza manambala ndi mawu amene sindinawamve. Mnzake wa mlongo wanga anabwera, anaika imeloyo pa laputopu m'mphindi khumi zokha, ndinamupatsa K100 ndi kumuthokoza ndi mtima wonse. Makalata ankalowa ndi kutuluka bwinobwino. Chaka chathunthu chinatha ndisanaganizeko za nkhaniyi.

Kenaka kunabwera 2024. Mvula inadula pakati, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anachepa, magetsi n'kuyamba kuzima maola ambirimbiri tsiku lililonse. Nshawa zinasowa, aliyense anali kulimbirana zochepa zimene zinalipo. M'mawa wina mu July laputopu inakana kuyaka. Mkati munkangomveka kaphokoso kakuti tiki tiki. Sindinade nkhawa kwambiri poyamba, chifukwa ndinkadziwa kuti makalata amakhala pa intaneti. Ndinalowa ndi foni pa webmail, tsamba la pa intaneti lowerengera imelo, ndipo ndinapezamo makalata a masabata awiri okha. Foda ya makalata otumizidwa inali yopanda kanthu, ngati sindinalemberepo munthu chiyambire. Mwa zimene zinasowa munali kalata ya mu May imene wogula wina anavomereza kuti mtengo wa lole kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka udzakhala wake. Itafika nthawi yonyamula iye anati sakukumbukira, ine ndinalibe chomuonetsa. Ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road tinalipira tokha, m'chaka chimene phindu linali kale lochepa.

Mnyamata amene anandilandira ku shopu anatsegula laputopu, anachotsa hadi disiki, anailumikiza ku kompyuta yake, anayesa kwa ola lathunthu. Pomaliza anati, "Amayi, iyi yafa. Ndikakuuzani kuti muisiye ndiyeseyese, ndikhala ndikukudyerani ndalama." Sanandilipiritse kanthu pa kuyesako. Pamenepo ndi pomwe ndinayamba kumukhulupirira, chifukwa ndikudziwa malo ena m'tauni muno kumene chinthu chakufa amachisunga mwezi n'kumakupemphani ya sipeya.

Ndinamufunsa kuti makalata anga apita kuti, popeza kampani ya hosting ndimailipira chaka ndi chaka. Anandifotokozera ndi bokosi la ku positi ofesi. Anati pali njira ziwiri zimene pulogalamu ya pa kompyuta imatengera makalata ku seva, kompyuta ya kampani ya hosting imene imalandira makalata anu. Ina imatchedwa POP3, ndipo ili ngati mwana amene mwamutuma ku positi: amatsegula bokosi, amatenga makalata onse, amabwera nawo kunyumba, bokosi n'kutsala lopanda kanthu. Mapulogalamu ambiri amasiyako kope pa seva masiku 14, kenaka amafufuta. Makalata amene mwatumiza inu sapita n'komwe ku bokosiko, amangokhala pa kompyuta pomwepo. Njira inayo ndi IMAP, imene makalata amakhala ku seva, ndipo kompyuta ndi foni zimangoonetsa zimene zili kumeneko, pamodzi ndi mafoda onse, otumizidwa omwe. Mnzake wa mlongo wanga uja anasankha POP3 osandifunsa chilichonse. Sindikuti anali ndi mtima woipa. Anangodina pamene anazolowera kudina, ndipo chaka chonse cha bizinesi yathu chinali m'kadisiki kamodzi ine osadziwa.

Chimene ndimayamikira kwambiri shopuyi ndi mafunso amene mnyamatayu anandifunsa asanagwire chilichonse. Anafuna kudziwa kuti imeloyo timawerenga anthu angati. Ndinati awiri, ine pa ofesi, abambo pa foni akakhala kumidzi. Anafunsa ngati intaneti yathu ndi ya bandulo kapena ya mwezi, ndinati ndi karauta ka bandulo. Anafunsa kukula kwa zinthu zimene anthu amatitumizira, ndinamuuza kuti madalaivala ndi ogula amakonda kutumiza zithunzi za matumba ndi za matikiti a pa sikelo, zambirimbiri. Anafunsanso kuti bokosi lathu ku hosting ndi lalikulu bwanji, ine sindinkadziwa n'komwe kuti lili ndi malire. Tinayang'ana m'kalata ija ya mu 2023, tinapeza kuti ndi 2 GB. Atamva zonsezi anati tigwiritse ntchito IMAP pa pulogalamu ya Thunderbird, ya a Mozilla, imene yakhalapo kuyambira mu 2003 ndipo ndi yaulere. Anandiuza poyera kuti angathenso kundiikira Outlook ngati ndili ndi laisensi yake yeniyeni, koma yakuba sadzandiikira pa kompyuta yosunga makalata a ndalama. Ndinasankha yaulereyo.

Tinagula kompyuta ya pa tebulo yogwiritsidwapo kale ntchito, tinapangana kuti abwere ku ofesi Lachiwiri nthawi ya 9 koloko. Anafika 14 koloko, ali pa njinga yonyamula anthu, foni yake itakhala yosayankhidwa m'mawa wonse. Izi zinandipweteka, chifukwa tsiku limenelo magetsi anali oti azima madzulo, ndipo ndinakana kupita kukalandira katundu pofuna kumudikira. Anapepesa, anati anamugwira ndi pulinta ya pa sukulu ina. Ndikumva, koma uthenga umodzi wa pa foni ukanakwanira.

Ntchito yeniyeniyo ndinaionerera ndili pambali pake ndi kope, chifukwa ndinalumbira kuti sindidzakhalanso wosadziwa. Thunderbird ukaipatsa dzina, adiresi ndi pasiwedi, imayesa kupeza yokha seva. Kwa ife inabwera ndi chenjezo lakuti satifiketi ya seva, chiphaso chotsimikizira kuti sevayo ndi yeniyeni, siikugwirizana. Pansi pake panali batani lovomereza kuti tingopitiriza. Ine ndikanadina. Iye anachotsa dzanja pa mausi n'kunena kuti, "Amayi, batani ili musamalidine musanadziwe chifukwa chake latuluka." Poyamba anayang'ana tsiku pa kompyuta, ndipo linali kuonetsa chaka chakale kwambiri. Kabatire kakang'ono kozungulira ka mkati mwa kompyuta, kotchedwa CR2032, kanali katatha, ndiye magetsi akazima wotchi inkabwerera m'mbuyo. Satifiketi imakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, choncho kompyuta yosokonezeka tsiku imakana ngakhale satifiketi yabwino. Anatulutsa kabatire kena m'chikwama chake, anakaika, anakonza tsiku. Chenjezo linabwerabe, koma tsopano chifukwa china: dzina la seva limene pulogalamu inalota silinali limene lili pa satifiketi. Analowa mu cPanel, tsamba loyendetsera akaunti yathu ya hosting, pa Email Accounts, anadina Connect Devices, ndipo pamenepo panali dzina lenileni la seva ndi manambala onse. Anazilemba yekha pamanja.

Ndizilemba pano monga zilili m'kope langa, chifukwa ndi zimene zinandivuta kumva mu 2023. Makalata olowa: IMAP, port (nambala ya khomo lolowera pa seva) 993, chitetezo SSL/TLS. Makalata otuluka amadzera njira ina yotchedwa SMTP, port 465 ndi SSL/TLS, kapena 587 ndi STARTTLS. Ife tinaika 465. Port 25 anati ndisaiganizire, ndi yolankhulirana maseva okhaokha ndipo makampani ambiri a intaneti amaitseka poletsa makalata achinyengo. Akanakhala POP3, nambala yake yotetezeka ndi 995. Ndipo pamalo a dzina lolowera pamafunika adiresi yonse, kuyambira chilembo choyamba mpaka pa .zm, osati kachigawo kokha ka kutsogolo kwa chizindikiro cha @. Anati anthu ambiri amene amabwera ku shopu akudandaula kuti pasiwedi ikukanidwa, vuto limakhala pamenepa, pasiwedi ili bwinobwino. Anaonetsetsanso kuti mbali yotumizira nayo ili ndi dzina ndi pasiwedi, chifukwa munthu angathe kumalandira makalata bwino koma kutumiza kukukanika.

Makalata a masabata awiri aja anatsika, ndinasangalala kuwaona ngati abale. Ndinaganiza kuti ntchito yatha, ndinayamba kufunafuna chikwama. Iye anati ayi, tiyese kaye kutumiza. Anatumiza kalata ku adiresi yake ya Gmail, ndipo inakagwera mu Spam, foda ya makalata okayikitsa. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake miyezi ingapo ogula ena ankandiimbira kuti kotesheni sinafike, ine ndili wotsimikiza kuti ndinatumiza. Anandiuza kuti kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, akufuna umboni wakuti kalata yachokeradi ku seva yololedwa ndi mwini dzina. Umboniwo umalembedwa pa domain, dzina lathu lija lothera ndi .co.zm, ndipo mayina ake ndi SPF ndi DKIM. Woyambawo umatchula maseva amene ali ndi chilolezo chotumiza m'dzina lathu, winawo umaika chidindo pa kalata iliyonse. Mu cPanel, pa Email Deliverability, panali chizindikiro chakuti zonse ziwiri sizili bwino. Iye sakanatha kuzikonza pomwepo, chifukwa mbali imeneyo ya domain inali m'manja mwa kampani ya hosting. Anandilembera mawu oti ndiwatumizire, mizere inayi yokha, yonena ndendende chimene tikufuna.

Kampani ya hosting ija inatenga masiku asanu ndi limodzi kuti iyankhe, ndipo yankho loyamba linali lakuti ndizimitse kompyuta ndi kuyatsanso. Ndinakwiya kwambiri. Mnyamata wa ku shopu anawaimbira yekha ndili pomwepo, analankhula nawo chilankhulo chawo, tsiku lotsatira zinakonzeka. Anabweranso ku ofesi kudzayesa, kalata inalowa mu Inbox, ndipo ulendo wachiwiriwu sanaulipiritse.

Pali zina zimene anachita zimene sindinamupemphe, ndipo ndi zimene zandithandiza kwambiri pa moyo wa kuno kwathu. Anaika kuti Thunderbird izisunga kope la makalata pa kompyuta, kuti netiweki ikagwa kapena bandulo ikatha ndizitha kuwerenga ndi kufufuza makalata akale. Pa webmail izi sizitheka, intaneti ikachoka umangoyang'ana tsamba loyera. Anandionetsa Send Later: ndimalemba mayankho onse rauta ili yozima, amakhala mu Outbox, ndikayatsa amapita pamodzi. Tinagula kabokosi kosunga magetsi kamene kamandipatsa mphindi zochepa zozimitsira kompyuta bwino. Anaikanso malire kuti makalata akuluakulu asamatsike okha mpaka nditawatsegula, ndiye zithunzi makumi awiri za matumba a soya sizindimalizira bandulo ndisanazifune. M'nyengo yogula, kuyambira May mpaka August, kusiyana kwake ndimakuona m'thumba.

Za 2 GB zija, anandichenjeza kuti IMAP ili ndi vuto lake. Popeza zonse zimakhala ku seva, bokosi limadzaza, ndipo likadzaza makalata atsopano amabwerera kwa owatumiza inu osadziwa. Anandipangira mafoda pansi pa Local Folders, imodzi ya chaka chilichonse, kuti makalata akale ndizisamutsira kumeneko. Koma ananena mobwereza kuti chilichonse chimene ndasamutsira ku Local Folders chachoka ku seva, chili pa kompyuta yokha, monga mmene zinalili pa laputopu ija. Ndiye anandionetsa foda ya profile, mmene Thunderbird imasunga zonse, ndi mmene ndingaikopere pa fulashi pulogalamu ili yotseka. Lachisanu lililonse ndisanatseke ofesi ndimakopera, fulashi ndimapita nayo kunyumba. Anandiyesa kawiri ndikuchita ndekha iye atapinda manja, ndipo ulendo woyamba ndinalakwitsa, ndinakopera pulogalamu ili yotsegula. Anangoti, "Bwerezani, amayi, nthawi ilipo."

Chenjezo lina limene anapereka linakwaniritsidwa patangopita mwezi. Abambo ali ku Vubwi anaona kuti foni yawo yadzaza, anayamba kufufuta makalata poganiza kuti akufufuta a pa foni pokha. Ine ku ofesi ndinangoona makalata akusowa m'maso mwanga mmodzimmodzi. Mtima unagunda ngati tsiku la laputopu lija. Ndinakumbukira kuti pa IMAP chimene wachita pa foni chimachitikanso pa kompyuta, ndinatsegula Trash, ndinawapeza onse ali momwemo, ndinawabweza. Madzulo ake tinakhala pansi ndi abambo, ndinawafotokozera za bokosi la ku positi lija, ndipo tinagwirizana kuti wofufuta makalata ndine ndekha.

Sindingabise zimene sizinandisangalatse, kuwonjezera pa kuchedwa kuja. Pa ntchito yonse ndinalipira K450, kabatire komwe, ndipo ndikuona kuti ndi mtengo woyenera. Koma risiti sanandipatse tsiku limenelo, anati buku latsala ku shopu. Ndinapitako kawiri ndisanailandire, ndipo kwa munthu wosunga mabuku a bizinesi zimenezi n'zovuta. Chachiwiri ndi pasiwedi. Pogwira ntchito anailemba m'kabuku kake mmene ndinaonamo mapasiwedi a makasitomala ena ambiri, mayina ali pambali. Anati amatero kuti munthu akaiwala amuthandize. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, kabuku aka kakadzagwa m'basi, udzalira ndi anthu ambiri." Anaseka mwamanyazi, anafufuta yanga, nandionetsa posinthira pasiwedi mu cPanel ndi mmene Thunderbird imafunsira yatsopano. Ndinasintha usiku womwewo. Amene mudzapite kumeneko, kapena kwina kulikonse, sinthani pasiwedi wokonza akangochoka, ngakhale mumukhulupirire chotani. M'bokosi la imelo ya bizinesi mumakhala manambala a ku banki, ndipo akuba akalowamo amatha kulembera ogula anu kuti alipire ku akaunti ina.

Shopu yeniyeniyo ndi yothina, mpando wa kasitomala ndi umodzi, ndipo Loweruka m'mawa anthu amaima mpaka panja. Mwa anyamata atatuwo, wodziwa bwino za imelo ndi mmodzi yekha. Nditapita tsiku lina iye kulibe, mnzake anayesa kundithandiza pa siginecha ya pansi pa kalata, anasokoneza zilembo mpaka TPIN, nambala yathu ya msonkho, inatuluka mzere wolakwika. Choncho mukafika funsani amene amaika maimelo, ndipo ngati palibe bwererani tsiku lina.

Asanachoke tsiku loyamba lija anatenga pepala, analemba ndi zilembo zazikulu dzina la seva, 993, 465, SSL/TLS, ndi mawu akuti dzina lolowera ndi adiresi yonse. Pasiwedi sanalembepo. Anati ndimate mkati mwa chitseko cha kabati. Ndinaona ngati akudzichotsera ntchito yekha, chifukwa ndi pepala limenelo sindikanafunikanso kumuitana. Mu May chaka chino foni ya abambo inagwera m'madzi powoloka mtsinje ku Chadiza, tinagula ina. Madzulo ndinatsegula kabati, ndinakhala pansi ndi foni yatsopanoyo, ndinasankha IMAP, ndinalemba zimene zili pa pepala mzere ndi mzere. Makalata onse anabwera, ndi mafoda ake, ndi otumizidwa omwe. Pamwamba penipeni panali kalata ya wogula wa ku Lusaka yovomereza kuti lole ya chaka chino alipira iye, ndipo abambo anaiwerenga kawiri asanapite kukagona.